Banja likubwera Loweruka: muyambire pati?

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, awiri pa WhatsApp, wachitatu anachita kundikoka dzanja titangotuluka m'tchalitchi ku Rosettenville. Onse ndi anthu odziwa ntchito yawo. Awiri analembetsa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo ku South Africa kuno, mmodzi ku SACSSP, loyang'anira ogwira ntchito zosamalira anthu, ndipo akhala akupereka uphungu kwa munthu mmodzimmodzi kwa zaka. Koma Amalawi anzathu kuno ku Joni akangomva kuti phungu uje amayankhula Chichewa, amayamba kubwera awiriawiri, ndiye foni yanga imalira: "Achemwali, Loweruka kukubwera banja. Nditani?" Ndatopa kuyankha ndi mawu ojambula a mphindi 10 ndili m'takisi. Ndalemba pano kamodzi, wofunsanso ndizingomulozera.

Zitsanzo zili m'munsimu ndazisokoneza dala. Timadziwana kwambiri ife a kuno, ndipo sindikufuna wina azindikire mnansi wake.

1. Kanani mpando wa nkhoswe

Munthu wakwathu akamva zoti akukaonana ndi aphungu pa nkhani ya banja, m'mutu mwake mumabwera bwalo. Kumudzi zikavuta m'nyumba mumaitana ankhoswe, wakuchimuna ndi wakuchikazi, aliyense afotokoze mbali yake, akuluakulu aweruze, wolakwa apepese, mwina nkhuku ifere pomwepo. Kuno ankhoswe ali kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, ndipo ena anangolowana konkuno popanda chinkhoswe n'komwe. Mpando wa nkhoswe uli wopanda munthu, ndipo awiriwa akulowa m'chipinda chanu kudzakukhazikani pamenepo. Mudzaona nokha: bambo atulutsa foni kuti akuonetseni mauthenga amene anawagwira, mayi avundukula chikwama muli timalisiti ta Mukuru ta chaka chonse. Umenewo ndi umboni, ndipo akudikira chigamulo.

Mukangolandira foniyo n'kuyamba kuwerenga, mwakodwa. Wopambana atuluka akumwetulira, wogonja sadzabweranso, ndipo kunyumba kwawonjezeka mwala wina wogendera: "ngakhale aphungu aja ananena."

Nenani poyera tsiku loyamba lomwelo. Ine ndimati: "Sindiweruza mlandu. Sindili kuchimuna, sindili kuchikazi. Ntchito yanga ndi kuona chimene chimachitika pakati pa inu awiri mukayamba kusemphana, n'kukuthandizani kuchisintha." Mudzabwereza mawu amenewa kangapo asanakhulupirire, musatope.

Koma ankhoswe, alangizi akumpingo kapena ashehe musawanyoze. Funsani ngati anapitako, anauzidwa zotani, ndipo zinathandiza kwa nthawi yaitali bwanji. Kawirikawiri mudzamva kuti mayi anauzidwa kuti banja ndi kupirira. Mukadziwa zimenezo, simudabwanso chifukwa chake akhala chete zaka zonsezi.

2. Foni yoyamba, chipinda ndi mapepala

Woimba foni amakhala wayamba kale kukukokerani mbali yake, ngakhale mosadziwa. Musamulole afotokoze nkhani yonse pa foni. Mphindi 5 zakwana, kenako pemphani kuyankhulanso ndi mnzakeyo kwa mphindi zofanana, amve mawu anu asanabwere.

Patulani mphindi 90, chifukwa ola limodzi limatha musanamve wachiwiri. Ambiri mwa anthu athu amagwira ntchito za m'nyumba, za m'gadeni kapena za ulonda, nthawi yawo ndi Loweruka masana kapena Lamulungu, ndipo wochokera ku Diepsloot kapena ku Tembisa wawononga kale ndalama ya takisi asanakuoneni. Mipando ikhale itatu yofanana, yoti itha kutembenuzidwa, inu pakati ndithu osapendekera kwa wina. Ana asalowe, ndipo mwana asakhale womasulira ngakhale mayi ali Mzulu bambo ali Myao wa ku Mangochi. Funsani mmene amaitanirana. Ngati mayi amati "bambo a uje", inu musakatchule dzina la bamboyo lamaliseche ngati mnzanu wakusukulu.

Onse awiri asaine chilolezo, ndipo chinene kuti faelo ndi ya awiri, singatuluke popanda onse kuvomereza pokhapokha khoti litalamula. Izi zimaoneka zazing'ono mpaka tsiku limene loya wa mmodzi adzakulemberani kalata. Lamulo la POPIA la 2013, loteteza zinsinsi za anthu, likukukhudzaninso pa kasungidwe ka zimene mwalemba. Dzifunseninso ngati simupemphera nawo mpingo umodzi, ngati simuli nawo m'chipereganyu kapena m'bungwe la maliro limodzi. Ngati muli nawo, atumizeni kwa mnzanu kapena ku FAMSA, bungwe lopereka uphungu wa mabanja.

3. Lamulo la zinsinsi linenedwe wina asanakuuzeni chinsinsi

Ili ndi dzenje limene aphungu ozolowera munthu mmodzi amagweramo. Munazolowera kuti chimene mwauzidwa chimathera m'chipindamo. Tsopano bambo akakunong'onezani kuti ali ndi mkazi wina ku Ntcheu n'kuti "koma musawauze", mwasanduka mnzake wobisa naye, ndipo sabata iliyonse mudzakhala mukuyang'ana mayi uja m'maso muli ndi mpeni kumphasa.

Aphungu amasiyana pa nkhaniyi, koma lamulo langa ndi ili, ndipo ndimalinena onse ali pomwepo: "Ndidzakuonani mmodzimmodzi. Mukandiuza chinthu chimene chikulepheretsa ntchito yathu, ine sindikaulula, koma sindidzachinyamulanso mpaka kalekale. Ndidzakuthandizani kuti muchinene nokha. Mukakana, ndidzasiya kukuonani awiri. Nkhani zokhudza chitetezo cha munthu zokha ndimaziyendetsa mwanjira ina." Chiganizo chomalizacho musachidumphe. Muona ntchito yake pa nambala 5.

4. Nkhumano yoyamba: mverani pang'ono nkhani, yang'anani kwambiri kavinidwe ka mkangano wawo

Yambani ndi chimene chawabweretsa, aliyense anene kwa mphindi zochepa. Kenako bwererani m'mbuyo: munakumana kuti, chinakukopani n'chiyani, anayamba kubwera ku Joni ndani, winayo anatsala zaka zingati, ana ali kuti, ndalama zimalowa bwanji ndipo zimapita kwa ndani. Funso la mmene anakumanirana si lokometsera macheza. Banja limene likumbukira n'kusekerera pang'ono lili ndi kamoto kotsala. Limene likuti "sindikukumbukanso" likukuuzani zina.

Posakhalitsa ayamba kukangana pamaso panu. Asiyeni mphindi ziwiri kapena zitatu, mukuona. Amayamba ndani, amayamba ndi mawu otani, winayo amatani, nkhani imafera pati. Nkhaniyo ikhoza kukhala ya ndalama za feteleza, ya foni yokhala ndi pasiwedi kapena ya apongozi, koma mapazi amaponda mofanana nthawi zonse.

Kenako dulani. Apa ndi pamene ife Amalawi timavutika, chifukwa tinaleredwa kuti wamkulu sadulidwa mawu. Ndikukumbuka ndili mtsikana pa ntchitoyi, bambo wa imvi akuyankhula mphindi 20 osapuma, ine ndikungogwedeza mutu ngati mpongozi, mayi akuyang'ana pazenera. Pofika kumapeto mayiyo anali atandiwerengera kale kuchimuna. Mankhwala ake ndi kupempha chilolezo poyamba pomwe: "Bambo, mayi, nthawi zina ndizikudulani mawu. Si mwano, ndi ntchito. Mwandilola?" Sanandikanirepo munthu. Ikafika nthawi mumangokweza dzanja pang'ono n'kuti, "Pepani bambo, ndiime pomwepa, ndikufuna ndimve kuti mawu amenewa awafika bwanji mayi." Phungu amene sangathe kudula mkangano akungowabwereketsa chipinda choti akanganiremo, n'kuwalipiritsa.

Musanatseke, auzeni kuti sabata yamawa muonana ndi aliyense payekha, ndipo kuti mumatero ndi banja lililonse. Mawu akuti "lililonse" ndi ofunika, kuti wina asaganize kuti mnzake wapempha.

5. Aliyense payekha: apa ndi pamene pagona ntchito

Malangizo ambiri amangodutsa pamenepa ndi chiganizo chimodzi chakuti fufuzani ngati muli nkhanza. Safotokoza kuti mufunse bwanji, ndipo mukamva mutani. Ine ndinaphunzira mowawa.

Pa bungwe lina limene ndinkagwirako ntchito kalelo, kunabwera banja looneka bwino. Bambo waulemu, wovala jekete, anakokera mkazi wake mpando. Anati vuto ndi lakuti mayi sayankhula. Nthawi inali yochepa, ndinati za kuonana mmodzimmodzi tidzachita m'tsogolo. Ndinagwira ntchito imene ndinaphunzitsidwa: ndinamulimbikitsa mayi uja kuti anene zakukhosi, kuti muno ndi malo otetezeka. Ananenadi, pang'ono chabe, kuti amaopa bambo akamwa. Bambo anagwedeza mutu modzichepetsa, ine n'kulemba kuti zayenda bwino. Sabata yotsatira sanabwere. Patapita milungu itatu mayi anabwera yekha, mwezi wa Disembala kukutentha, atakulunga mpango m'khosi. Chipinda changa chinali chotetezeka kwa mphindi 90. Iye anakagona kunyumba.

Ndiye musadumphe, ngakhale banja lioneke bwanji. Aliyense mumupatse mphindi 45 kapena kuposa, winayo asakhale panja pa chitseko. Ngati n'kotheka abwere masiku osiyana.

Musafunse kuti "kodi m'banja mwanu muli nkhanza?" Yankho limakhala "ayi" pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kwa ambiri mbama imodzi si nkhanza, ndi zam'banja. Funsani zochitika, chimodzichimodzi, ndi mawu wamba, nkhope yanu isasinthe. Mukakangana kwambiri zimathera pati? Mkangano woipitsitsa umene mukuukumbukira unali wotani? Anakukankhanipo? Anakumenyanipo mbama kapena chibakera? Anaswapo zinthu, anakutsekerani m'nyumba kapena panja? Anakukanyanganipo pakhosi? Anakukakamizanipo kugona naye musakufuna? Ananenapo zoti akuphani, kapena adzipha mukachoka? M'nyumba muli mfuti? Ndipo funso limene limatsegula zambiri: mumamuopa?

Kenako mafunso a kuno ku Joni. Pasipoti yanu imakhala ndi ndani? Malipiro anu amalowa mu akaunti ya ndani? Anakuopsezanipo kuti akakunenezani chifukwa cha mapepala, kuti mukagona ku Lindela, kumene amasungako anthu oti abwezedwe kwawo? Anakuuzanipo kuti ana awatumiza kumudzi osakuuzani? Mumaloledwa kuimba foni kwanu muli nokha? Mkazi amene anabwera kuno poitanidwa ndi mwamuna, wosadziwa Chizulu, wosadziwa njira ya takisi, malume ake ali ku Dedza, amatha kumangidwa popanda kumenyedwa ngakhale kamodzi. Mafunso onsewa afunseninso bambo. Amuna omenyedwa alipo, ndipo manyazi awo ndi aakulu. Funsaninso aliyense zimene iye mwini anachitapo.

Zimene mwamvazo muzisiyanitse. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Michael Johnson, analemba mu 1995 kuti nkhanza za m'banja si zamtundu umodzi. Pali kukankhana kumene kumabuka mkangano ukafika poipa, mwa apo ndi apo, popanda wina kukhala mwamantha. Palinso nkhanza zolamulira, pamene mmodzi wagwira moyo wonse wa mnzake: ndalama, foni, mayendedwe, abale, ndipo kumenya ndi chida chimodzi chabe mwa zambiri. Mtundu woyambawo, phungu wozolowera akhoza kugwira nawo ntchito awiri pamodzi, ngati onse akuvomereza kuti zinalakwika ndipo palibe woopa. Inu amene mukuyamba kumene, musagamule nokha, kafunseni wokuyang'anirani. Mtundu wachiwiriwo, uphungu wa awiri pamodzi ndi woopsa. Chilichonse chimene wozunzidwa anene m'chipinda chanu akakachilipira usiku. Ndipo mukamva za kukanyanga pakhosi, kuopseza kupha kapena mfuti, tcherani khutu kawiri. Kafukufuku wa ku America wa mu 2008 anapeza kuti mkazi amene anakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake amakhala pa chiopsezo chophedwa chochuluka pafupifupi ka 7 kuposa amene sanakanyangidwepo.

Tsopano gawo lovutitsitsa: kuimitsa uphungu wa awiri popanda kumupereka amene wakuuzani. Mawu akuti "mayi andiuza kuti" asatuluke pakamwa panu, ngakhale mozungulira, ngakhale ndi diso. Chigamulocho chikhale chanu ndipo chimveke kuti ndi kagwiridwe kanu ka ntchito. Ine ndimati: "Ndamvetsera nonse awiri. Ndaona kuti aliyense ali ndi katundu woti atule kaye payekha tisanakhale pamodzi. Ndikayamba ndi awiri pano, ndikuwonongerani nthawi ndi ndalama." Bambo akhoza kukwiya, akwiyire inu. Ndipo mawu amenewa muyambe mwagwirizana ndi mayiyo musanawanene, chifukwa iye ndi amene akudziwa chimene chimayatsa moto kunyumba kwake.

Musamukankhe kuti achoke lero. Nthawi yochoka ndi imene ngozi imakula kwambiri, ndipo mayiyo amadziwa zimenezi kuposa inu. Konzani naye zogwirika: ajambule pasipoti yake ndi makalata obadwira a ana n'kutumiza kwa munthu wodalirika, akhale ndi kandalama kobisika, adziwe kumene angagone usiku umodzi, agwirizane ndi mnansi mawu achizindikiro. Muuzeni kuti pansi pa Domestic Violence Act ya 1998 akhoza kupita kukhoti la majisitireti kukapempha chikalata chomuteteza, chimene kuno amachitcha protection order, kuti kupemphako salipira, ndipo kuti lamulolo limanena za munthu aliyense amene ali kapena anali pa ubale wa m'nyumba, ngakhale sanakwatirane mwalamulo. Nambala ya boma ya GBV Command Centre ndi 0800 428 428, yaulere, usana ndi usiku. Bungwe la POWA lakhala likuthandiza amayi mu Johannesburg muno kuyambira 1979, ndipo wogwiriridwa amathandizidwa ku malo a Thuthuzela amene ali m'zipatala zina za boma. Musamupatse kapepala koti kakapezeke m'chikwama. Aloweze nambala kapena aisunge pa dzina lina.

Dziwaninso pamene chinsinsi chimathera. Children's Act ya 2005, gawo 110, imakukakamizani kukanena mukaona kuti mwana akuzunzidwa, ndipo kusintha kwa lamulo la nkhanza za m'banja kwa mu 2021 kunaikanso udindo wokanena ngati wozunzidwayo ndi mwana, wolumala kapena wokalamba. Malire amenewa munthu awadziwe musanayambe kumufunsa.

Si nkhanza zokha zimene zimatuluka munthu akakhala yekha. Kumatuluka mkazi wakumudzi amene akulandirabe ndalama mwezi ndi mwezi, mwana wobadwira kunja, nyumba imene mayi akumanga mwakachetechete kwawo poopa kudzabwerera chimanjamanja, botolo la ma ARV limene limasungidwa kuntchito. Zinsinsi sizilemera mofanana. Chibwenzi chimene chinatha zaka 10 zapitazo si chimodzimodzi ndi chimene chikuyaka lero. Chikuyakacho chimapangitsa ntchito yanu kukhala sewero, chifukwa mukumanga nyumba wina akugumula kuseri. Bwererani ku lamulo lanu lija, mupatseni munthuyo nkhumano ziwiri kapena zitatu zokonzekera kunena, ndipo akanene muli pomwepo ngati akufuna. Za HIV musathamange kukaulula nokha. Malangizo a HPCSA ali ndi ndondomeko yake, ndipo imayambira pa kumuthandiza mwini wake kuti anene.

Funso lomaliza kwa aliyense: kodi inu banjali mukulifunabe? Nthawi zambiri mmodzi wabwera kudzalipulumutsa, winayo wabwera kuti adzanene kwa abale kuti "tinayesa ngakhale kwa aphungu." William Doherty wa ku University of Minnesota anakonza njira ya mabanja otere: nkhumano zosapitirira 5, zosakonza banja ayi, koma zothandiza awiriwo kusankha chimodzi mwa zitatu, kukhala mmene alili, kulekana, kapena kudzipereka miyezi 6 kuyesa ndi mtima wonse. Kuphunzitsa luso loyankhulana kwa munthu amene mwendo umodzi uli kale panja n'kuthira madzi m'dengu.

6. Auzeni chimene mwaona, ndipo mdani akhale kavinidwe kaja

Ngati palibe choletsa, akhazikeni pamodzi muwabwezere zimene mwaona. Sue Johnson, amene pamodzi ndi Les Greenberg anayambitsa ku Canada m'zaka za m'ma 1980 njira ya uphungu yotsamira pa zimene anthu akumva mumtima, anaonetsa kuti mabanja ambiri amazungulira m'bwalo limodzi: wina amathamangitsa, wina amathawa. Mayi akaona kuti bambo ali kutali, amakweza mawu. Bambo akamva mawu akwera, amati ndalephera kale, amatuluka kukaonera mpira kwa anzake. Kutulukako kumamuuza mayi kuti alibe ntchito, ndiye mawa amakweza koposa. Aliyense akuona kuti akungoyankha zimene mnzake wayamba.

Ajambulireni bwalolo papepala ndi mawu awo omwe. Pansi pa kukalipa mufufuze mantha, pansi pa kukhala chete mufufuze manyazi. Bambo wina amene ntchito ya m'gadeni inamuthera, mkazi wake ndiye akulipira lendi, anakhala milungu itatu akungoti "palibe vuto." Tsiku lina ndinamufunsa chimene chimabwera m'mutu mwake mayi akamaika ndalama ya lendi patebulo. Anayang'ana nsapato zake nthawi yaitali, kenako anati, "Ndimaona ngati ndine mlendo wodyetsedwa." Mkazi wake, amene zaka ziwiri ankaganiza kuti bambo ali ndi chibwenzi, anangogwira pakamwa.

John Gottman, amene anaonera mabanja ambiri akukangana pa kafukufuku wake ku University of Washington mu Seattle, anatchula makhalidwe anayi owononga banja: kudzudzula umunthu wa mnzako m'malo mwa chimene wachita, kunyoza, kudziikira kumbuyo, ndi kungokhala duu ngati khoma. Choipitsitsa anati ndi kunyoza. Kwathu kumamveka ndi kutsonya, kapena ndi mawu ngati "mwamuna wanji iwe" ndi "ndinakutola kumudzi ulibe ndi nsapato zomwe." Mukamva zimenezo imitsani pomwepo. Koma kumbukirani kuti mabanja a Gottman anali a ku America. Mayi wakwathu akayang'ana pansi mwamuna wake akuyankhula, mwina ndi ulemu umene anaphunzitsidwa, mwina ndi kunyanyala, mwina ndi mantha. Musalembe musanafunse.

7. Atembenuzeni ayang'anane

Poyamba onse amayankhula ndi inu: "Auzeni awa kuti..." Mukalola, mukhala mthenga mpaka kale. Mawu ofewa akangotuluka, ngati a bambo wa lendi uja, nenani: "Tembenukani, muwauze mayi zomwezo." Adzaseka mwamanyazi, adzati amva kale. Limbikirani mofatsa. Kenako funsani winayo chimene wamva, asanayankhe. Apa m'pofunika kudekha, kuona maso a nkhono.

Aphunzitseni kuyamba nkhani mofewa, chifukwa Gottman anapeza kuti mphindi zitatu zoyambirira za mkangano zimalosera kumene uthere. "Ndinada nkhawa usiku uja simunaimbe" ndi "simuganiza za munthu inu" zimachokera pa bala limodzi, koma zimatsegula makomo osiyana. Mukaona wina wasintha nkhope, akupuma mothamanga, maso ali gwa, imitsani. Mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mphindi munthu samvanso chilichonse, ndipo thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti libwerere. Agwirizane chizindikiro chopumira kunyumba, koma wopempha kupumayo anene nthawi imene abwerere ku nkhaniyo. Popanda zimenezo, kupuma kumangokhala kuthawa kovala suti.

Ndipo musalonjeze kuti mavuto onse atha. Pa kafukufuku wa Gottman yemweyo, 69 pa 100 ya mikangano ya m'banja inali yosatha, yobwerabwera moyo wonse. Kuno yathu yosathayo ndi ndalama zotumiza kumudzi, ndi funso lakuti tidzabwerera liti, kapena tatchona. Mwamuna wochokera kumene amalowola ndi mkazi wakwa chikamwini sadzagwirizana kotheratu kuti nyumba imangidwe kwa ndani ndi kuti ana ndi a mbali iti. Ntchito yanu ndi yakuti azitha kuikamba nkhaniyo mwezi uliwonse osavulazana. Funsani chimene chili kuseri kwa ndalamayo. Kwa bambo mwina ndi lonjezo limene anapanga pa maliro a bambo ake. Kwa mayi mwina ndi mwana wawo amene akugona pansi m'kachipinda kamodzi ku Yeoville pamene mlamu akumangitsa mpanda.

8. Zotsala zimene musaiwale

Za kuchipinda funsani inuyo, chifukwa iwo sadzayamba. Chiganizo chimodzi chaulemu chakwana: "Nanga mbali ya kuchipinda zikuyenda bwanji?" Mukachita manyazi inu, nkhaniyo yafa. Funsani za mowa, za juga ya pa foni, za tulo, za maganizo ofuna kudzipha. Wina akakhala kuti akudwala matenda a maganizo, alandire thandizo lake pambali, kuchipatala kapena kudzera ku SADAG, bungwe lothandiza odwala matenda a maganizo, uphungu wa banja ukupitirira.

Ena adzakupemphani kuti muwathandize pa vidiyo, bambo ali kuno mayi ali ku Malawi. N'zotheka, koma simudziwa amene wakhala kuseri kwa foniyo. Funsani nthawi zonse kuti m'chipindamo muli ndani, ndipo mafunso a pa nambala 5 musawafunse ngati simukutsimikiza kuti munthuyo ali yekha.

Pezani wokuyang'anirani amene anagwirapo ntchito ndi mabanja, muzikumana naye mwezi uliwonse. Banja likatuluka, musanalembe chilichonse, dzifunseni kuti mwa awiriwa mwamukonda ndani. Alipo nthawi zonse. Ine amene amandivuta ndi abambo oyankhula ngati akulalikira, chifukwa amandikumbutsa munthu wina wakwathu, ndipo ndikazindikira zimenezo sabata yotsatira ndimayamba ndi iwowo, kuwafunsa mpaka nditamvetsa chimene akuteteza.

Chomaliza, gwirizanani nawo zoti mudzatani mukakumana kunja, chifukwa mudzakumana ndithu, ku Park Station mukutumiza katundu, pa ukwati ku Turffontein kapena pa maliro. Ine ndimawauza kuti sindidzayamba kupereka moni, asaone ngati ndi kunyada. Akandipatsa moni ndiyankha ngati Mmalawi mnzawo, ndipo wina akafunsa kuti tinadziwana kuti, ayankhe okha.